Ndikufuna kupanga magemu: ndilembe kosi yanji, ku yunivesite iti?

Funso lachokera kwa mnyamata wa zaka 18 wa ku Kasungu:

"Achimwene, ndakhoza MSCE ndi mapointi 13. Masamu ndinapeza 2, Fizikisi 3. Chimene mtima wanga ukufuna ndi kupanga magemu, a pafoni kapena a pakompyuta. Pa intaneti ndaona kuti ku South Africa ndi ku UK kuli mayunivesite ophunzitsa Game Design, koma kuno kwathu kosi yoteroyo sindikuiona. Bambo akuti ndilembe za akaunti, magemu ndi zibwana. Kodi ndiumirire zopita kunja, kapena ndilembe chiyani pa fomu ya NCHE? Nanga ntchito imeneyi munthu angadyere?"

Mphwanga, wakhoza bwino ndipo ndakondwera nawe. Uja 2 wa Masamu umugwiritsitse, chifukwa pa nkhani yonse wafunsayi ndiye chuma chako chenicheni. Yankho ndilinene poyambirira penipeni, zifukwa zibwere pambuyo. Pa fomu ya NCHE ika Computer Science patsogolo, kenako makosi ena a makompyuta amene muli masamu ambiri ndi kulemba mapulogalamu kwenikweni. Phunzira konkuno. Magemuwo uyambe kupanga mwezi uno, uli kwanu ku Kasunguko, osadikira yunivesite. Zopita kunja usazitaye, koma uzisungire kutsogolo, pa digiri yachiwiri kapena pa ntchito.

Ndikutero chifukwa ndakhala ndikulemba mapulogalamu kwa zaka zoposa 10, ndagwirapo ntchito m'timagulu topanga magemu a pafoni, ndipo ndakhalapo mbali yowerenga makalata a anthu ofuna kulowa m'gulu. Kalata ikafika, maso sathamangira pa dzina la kosi. Amathamangira pa linki. Munthuyu wapanga chiyani? Tingachitsegule n'kuchisewera? Khodi yake, malangizo aja amene amalembera kompyuta, tingaione? Amene ali ndi digiri yolembedwa Game Design koma alibe gemu ngakhale imodzi yomalizika amagonja kwa wa Computer Science, wa masamu kapena wa uinjiniya amene ali ndi timagemu titatu tating'ono tomwe tikuyenda bwino pa foni wamba. Wofuna mpando kwa kalipentala safunsa kumene anaphunzira, amakhalira mpandowo kuti amve ngati ukugwedera.

Kuti umvetse chifukwa chake ndikukakamira pa masamu, tiye tisuzumire m'mimba mwa gemu. Chimene umaona pa sikirini ngati munthu akuthamanga ndi zithunzi zoima, zosinthana mofulumira. Gemu yoyenda mosalala imajambula zithunzi 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti pa chithunzi chilichonse kompyuta ili ndi mamilisekondi osakwana 17. M'kanthawi kameneko iyenera kumva batani limene wadina, kusuntha aliyense wa m'gemumo, kuona ngati mpira wagunda khoma, kuganizira adani kolowera, kuliza mawu, n'kujambula zonsezo. Pulogalamu ya mu ofesi ikachedwa theka la sekondi, palibe amene amadandaula. Gemu ikatero, wosewera amamva m'zala kuti chinachake chalakwika, ndipo amaifufuta.

Gemu yanga yoyamba kuonetsa anthu inali ya njinga ya kabaza yozemba maenje mumsewu. Pa kompyuta yanga inkayenda bwinobwino. Nditaiika pa foni yamphamvu ya mnzanga, njinga inkathamanga ngati yaduka mabuleki, moti palibe amene ankatha masekondi 5 asanagwere m'dzenje. Pa foni yotsika mtengo ya mlongo wanga inkayenda ngati bilimankhwe. Ndinakhala mausiku atatu ndikusaka vuto. Linali loti ndinalamula njinga kuti izisuntha mtunda wofanana pa chithunzi chilichonse, ndiye foni yojambula zithunzi zambiri pa sekondi inkaithamangitsa, yojambula zochepa n'kumaichedwetsa. Mankhwala ake anali a ku sekondale: mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi. Uyeze nthawi imene yadutsa kuchokera pa chithunzi chapitacho, uchulukitse ndi liwiro, basi njinga iyenda chimodzimodzi pa foni iliyonse. Mzere umodzi wa khodi.

Ukamapita patsogolo zimakhala choncho paliponse. Mdani akamatembenuka kuti akuyang'ane, ndi trigonometry. Mpira ukanjanja pakhoma, ndi ma vector. Kamera ikamazungulira m'dziko la 3D, ndi ma matrix, amene ku yunivesite amaphunzitsidwa mu Linear Algebra. Galu wa m'gemu akamakusaka n'kumazungulira nyumba m'malo mogunda khoma, akutsata njira yofufuzira yotchedwa A*, imene udzakumane nayo mu Algorithms kapena mu Artificial Intelligence. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Injini yopangira magemu, kaya Unity, kaya Godot, ungaiphunzire wekha pa YouTube m'miyezi yochepa. Koma masamu ndi ma algorithm, njira zija zotsata pang'onopang'ono pothetsa vuto pa kompyuta, ndi ovuta kuwaphunzira wekha, chifukwa amawawa, ndipo popanda mphunzitsi ndi mayeso okukakamiza, munthu amathawira ku zosavuta. Zaka zinayi za ku yunivesite uziwonongere pa zimene sungadziphunzitse mosavuta.

Injinizo zimasinthanso. Mu September 2023 kampani ya Unity inalengeza kuti iyamba kulipiritsa opanga magemu malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene aika gemu yawo pa foni kapena pa kompyuta. Kunali chipwirikiti. Ambiri anayamba kusamukira ku injini zina monga Godot ndi Unreal, mkulu wa kampaniyo anachoka mwezi wotsatira, ndipo patatha chaka ganizolo analithetsa. Amene ankangodziwa podina mu Unity anagwira njakata. Amene ankadziwa mmene gemu imayendera pansi pake anasamuka m'masabata ochepa, monga dalaivala amene wangosintha galimoto.

Pali funso limene sunandifunse, koma uyenera kudzifunsa: kodi m'gulu lopanga gemu, iwe udzakhala ndani? Ntchito zake n'zambiri. Pali olemba khodi. Pali ojambula, ena a zithunzi za 2D, ena oumba zinthu za 3D, ena oziyendetsa. Pali opanga nyimbo ndi mawu, olemba nkhani, oyesa gemu kuti apeze zolakwika, ndi oyendetsa gulu kuti ntchito ithe pa nthawi yake. Ndiye pali amene amatchedwa game designer, ndipo apa ndi pamene achinyamata ambiri amasokera. Amaganiza kuti ndi munthu wokhala pampando n'kumauza anzake maganizo ake abwino. Ayi. Maganizo aliyense m'gulu ali nawo, ochuluka kuposa amene angathe kuwapanga. Designer amakhala tsiku lonse akusintha manambala: munthu adumphe msinkhu wotani, mdani afe atamenyedwa kangati, chitseko chachiwiri chikhale pati kuti wosewera asasokere komanso asatope. Amalemba, amayesa, amafufuta, amayambiranso. Mipata yoyambira pa udindo umenewu ndi yochepa kwambiri, ndipo m'timagulu tating'ono, monga tambiri ta mu Africa muno, designer amayenera kudziwanso khodi kapena kujambula. Poona magiredi ako, khomo lako ndi khodi. Ukanandiuza kuti makope ako onse ndi odzaza ndi zojambula, ndikanakuuza zina: kujambula tsiku lililonse, kuphunzira Blender ndi Krita, mapulogalamu ojambulira omwe ndi aulere, n'kuyang'ana maphunziro a zaluso ku UNIMA.

Tsono mayunivesite athu. Ku UNIMA, ku Zomba, kumene ambiri timakutchabe kuti ku Chanco, kuli Computer Science. Ku MUBAS, Poly yakale ija ku Blantyre, kuli makosi a Information Technology ndi Information Systems, komanso uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta. Ku MUST, ku Thyolo, kuli Computer Systems and Security ndi Business Information Technology. Ku Mzuni kuli ICT. Mayina ndi zofunika polowera zimasinthasintha, choncho uwerenge bwino mndandanda wa NCHE wa chaka chako, koma makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, Masamu abwino ndi Fizikisi, uli nazo kale.

Usasankhe potengera kukoma kwa dzina. Peza mndandanda wa maphunziro a kosi iliyonse, chaka ndi chaka, n'kuwerenga ndi pensulo m'manja. Chonga paliponse pamene waona Calculus, Linear Algebra, Discrete Mathematics, Data Structures and Algorithms, Object-Oriented Programming, Operating Systems, Computer Graphics, Artificial Intelligence, Networks. Kosi yokhala ndi zochonga zambiri ndiyo yako. Makosi amene dzina lake lili ndi Business kapena Information Systems ndi abwino ndithu, ndipo anthu amapeza nawo ntchito, koma nthawi yambiri amaithera pa mmene makompyuta amathandizira kampani, osati pa kulemba khodi yothamanga. Ukatero, funafuna wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi pa kosiyo, pa Facebook kapena kudzera kwa anzako, umufunse mafunso atatu. Kodi khodi mumalemba pa kompyuta kapena papepala? Kodi labu imatsegulidwa usiku? Kodi pa pulojekiti ya chaka chomaliza amalola munthu kusankha yekha chopanga? Funso lachitatuli ndi lofunika, chifukwa pulojekiti imeneyo ikhoza kukhala gemu yako yaikulu yoyamba, yopangidwa ndi nthawi ya sukulu, mphunzitsi akukuyang'anira.

Si nthano zimenezi. Ku Johannesburg kuli kagulu kotchedwa Nyamakop. Gemu yawo, Semblance, inayamba ngati pulojekiti ya chaka chomaliza ya Ben Myres ndi Cukia Kimani ku yunivesite ya Wits, ndipo mu 2018 inatuluka pa kompyuta ndi pa makina osewerera magemu a Nintendo Switch.

Popeza ndatchula Wits, tiye tikambe zakunjazo mosapsatira. Wits imaphunzitsadi za magemu, mbali ina kudzera ku zaluso, mbali ina kudzera ku uinjiniya, ndipo ndi sukulu yabwino. Ku Scotland kuli Abertay, mumzinda wa Dundee, imene inayamba kupereka digiri ya magemu mu 1997, yoyamba ya mtundu umenewo. Ubwino wa malo ngati amenewa si mabuku, chifukwa mabukuwo ali pa intaneti. Ubwino wake ndi anthu. Umakhala m'kalasi limodzi ndi ojambula ndi oimba, mumapanga magemu m'magulu chaka ndi chaka, ndipo makampani ali pafupi. Zimenezo sindingakunamize kuti ungazipeze zonse kuno.

Koma taona njira yake. MSCE payokha kawirikawiri sikwanira kulowera digiri ku South Africa kapena ku UK. Ambiri amayamba adutsa A-Level, kapena chaka cha ku yunivesite, kapena kosi yokonzekeretsa, ndipo ku South Africa pamafunikanso satifiketi ya Matriculation Board. Ophunzira a m'maiko a SADC amapepukidwako pa fizi ku South Africa, komabe pali chiphaso chophunzirira, inshuwalansi ya chipatala, nyumba, chakudya, zonse zolipira m'marandi. Ndipo ukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Banja limene linawerengera fizi ya mwana mwezi wa October linadzuka masamu onse atasokonekera. Ndaonapo achinyamata akubwerera chaka chachiwiri, opanda digiri, munda wa makolo utagulitsidwa kale. Ngati pali thandizo lolipira zonse, pita, usachedwe. Ngati ndi ndalama za bambo zotolera movutikira, ayi. Kuno ungapemphe ngongole ya ophunzira ku HESLGB, ukamaliza uli ndi digiri ndi magemu ako m'manja, ndiye n'kufunsira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi kapena ziwiri kudzera ku thandizo lolipirira maphunziro la Commonwealth, Chevening kapena Mastercard Foundation. Chevening imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri. Njira imeneyi ndi yaitali, koma ukapunthwa sugwa ndi banja lonse.

Tsopano funso lako lomaliza, loti kodi munthu angadyere. Bambo sakulakwa kuopa, ndipo ndikufuna uwamvetse. Makampani a magemu padziko lonse amapanga ndalama zochuluka, koma ntchito zake n'zosakhazikika. Mu 2023 anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito m'makampani amenewa, ndipo 2024 inaposa pamenepo. Mu January 2024 mokha, Microsoft inachotsa anthu 1,900 ku mbali yake ya magemu, Unity n'kuchotsa pafupifupi 1,800. Ambiri mwa iwo anali akatswiri a zaka zambiri, okhala pafupi ndi makampaniwo. Malipiro a wolemba khodi ya magemu nthawi zambiri amachepa poyerekeza ndi a mnzake waluso lofanana amene ali ku banki kapena ku kampani ya mafoni, chifukwa ofuna ntchito ya magemu ndi ambiri. Gemu ikamayandikira kutuluka, anthu amagwira mpaka usiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kwa miyezi.

Wodzipangira yekha nayenso ali ndi phiri lake. Mu 2023 pa Steam pokha, msika wa pa intaneti wogulitsira magemu a pakompyuta, panatuluka magemu oposa 14,000. Ochuluka mwa amenewa sanabweze ngakhale ndalama zowapangira. Udzamva nkhani ya Eric Barone wa ku America, amene anapanga yekha Stardew Valley, khodi, zithunzi ndi nyimbo zomwe, n'kugulitsa mamiliyoni. Ndi yoona. Koma uimve yonse: anali ndi digiri ya Computer Science, zinamutengera zaka zinayi ndi theka mpaka 2016, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ganyu yolondolera anthu pokhala m'nyumba ya zisudzo ku Seattle. Oyesa ngati iye n'kulephera sitimamva mayina awo.

Ndiye bwanji ndisakuuze kuti usiye? Chifukwa ndaona zimene zikuchitika mu Africa muno, ndipo ndikufuna Amalawi akhalemo. Ku Ghana ndi ku Kenya kuli Leti Arts, imene Eyram Tawia ndi Wesley Kirinya anayambitsa mu 2009. Ku Lagos kuli Maliyo Games ya Hugo Obi, imene imaphunzitsanso achinyamata a m'maiko osiyanasiyana kudzera mu GameUp Africa, ndipo inapanga gemu ya pafoni mogwirizana ndi Disney. Ku Yaoundé, Olivier Madiba ndi anzake a Kiro'o Games anatulutsa Aurion mu 2016, akulimbana ndi kuzimazima kwa magetsi monga kwathu kuno. Ku Cape Town kuli Free Lives, komanso Carry1st imene imafalitsa magemu ndi kuthandiza kuti anthu azilipira ndi njira zakwawo. Ukayang'anitsitsa, timagulu tambiri ta mu Africa sitidalira gemu yawoyawo yokha. Amapangira mabungwe magemu ophunzitsa za umoyo, za ndalama, za ulimi, kapena amagwira zigawo za ntchito ya makampani akunja, n'kumapanga gemu yapamtima pawo ndi phindu lotsalalo.

Ndipo luso limeneli lafika kale m'makalasi athu. M'masukulu ena a pulayimale ana akuphunzira kuwerenga ndi kuwerengera pa matabuleti, m'Chichewa, ndi pulogalamu ya bungwe la onebillion, pansi pa ndondomeko ya boma ya BEFIT. Ukaona mwana wa Sitandade 1 akukoka chipatso ndi chala kuchiika m'dengu, kamawu n'kumuyamikira, ukuona ntchito ya munthu wodziwa kupanga magemu. Zinthu zoterezi zidzafuna anthu odziwa khodi amene amadziwanso mmene mwana wa ku Santhe kapena ku Chamama amaganizira ndi kulankhulira.

Choncho njira imene ndikuiona kwa iwe ndi iyi: masana ntchito ya mapulogalamu yokudyetsa, madzulo ndi kumapeto kwa sabata magemu, mpaka tsiku limene magemuwo adzayambe kulipira lendi. Digiri ya Computer Science imakupatsa miyendo iwiri yonseyo. Ya Game Design yokha, pa msika wathu uno, imakusiya ndi mwendo umodzi.

Tibwere ku zimene uchite usanaitanidwe ku yunivesite, chifukwa miyezi yodikirayi ndi yambiri ndipo sudzaipezanso. Yamba ndi Godot. Ndi yaulere kotheratu, palibe amene adzakudule gawo la phindu, ndipo kuikopera sikufika ndi ma MB 200 omwe, pamene Unreal imafuna ma GB makumimakumi ndi kompyuta yamphamvu. Chiyankhulo chake, GDScript, chimafanana ndi Python, chiyankhulo chotchuka cholembera khodi, ndipo sichiopsa woyamba kumene. Malangizo ake ungawakopere n'kumawerenga wopanda bandulo. Imayendanso pa Android, moti ngakhale ulibe laputopu ukhoza kulawako, ngakhale kuti pa foni ndi pothina. Pogula laputopu, yakale si vuto. Yang'ana RAM ya 8 GB, SSD, ndi batire yosunga moto, chifukwa magetsi akazima uli pakati pa ntchito, batireyo ndi imene idzakupulumutse. Ukadzafika ku yunivesite uwonjezere chiyankhulo cha C# ndi Unity, chifukwa ntchito zambiri za magemu a pafoni zimafuna zimenezo, kenako C++ ngati ukulota makampani akuluakulu. Maphunziro oyambira a Computer Science otchedwa CS50, a ku yunivesite ya Harvard, ndi aulere pa intaneti, ndipo adzakufikitsa m'kalasi loyamba uli patsogolo.

Gemu yoyamba isakhale ya mzinda wonse wa Lilongwe wokhala ndi magalimoto, apolisi ndi nkhani ya maola 40. Aliyense amayamba ndi loto limenelo, ndipo limafera pa sabata yachitatu. Panga bawo. Mizere inayi, maenje 32, nkhomo 64. Yamba ndi mtundu wosavuta uja umene ana amayambira, woika nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse. Ukuona ngati n'zochepa, koma taganiza. Uyenera kusunga chiwerengero cha dzenje lililonse, kufesa mozungulira osalumpha, kudziwa pamene munthu wadya ndi pamene wagona, ndi kuonetsa nkhomo zikuyenda imodziimodzi kuti wosewera azitsatira ndi maso. Pali kakhalidwe kena ka nkhomo kamene kufesa kumatha kuzungulira osatha. Pa bawo ya mtengo anthu amaona n'kugwirizana chochita, koma foni imangouma, ndipo iwe ndi amene uyenera kuiphunzitsa kuzindikira zimenezo. Ukamaliza ya anthu awiri, uphunzitse foni kusewera yokha, poyang'ana mayendedwe angapo kutsogolo n'kusankha abwino, njira imene imatchedwa minimax. Pofika pamenepo udzakhala utagwira ndi manja zinthu zimene anzako adzayambe kuzimva chaka chachiwiri.

Ndipo uimalize. Kumaliza ndikutanthauza kuti ili ndi poyambira, ili ndi mawu, imanena amene wapambana, ili ndi batani loyambiranso, ndipo foni ikalira pakati pa masewera sizisokonekera. Mbali imeneyi ndi yotopetsa, ndipo ndi imene imasiyanitsa wopanga magemu ndi woyamba magemu. Anyamata ambiri amandionetsa mafoda odzaza ndi zoyamba 20, yomaliza palibe.

Ukamaliza, chita chinthu chimene chimawawa kuposa zonse. Patsa munthu foni, iwe ukhale pambali, utseke pakamwa. Ndinachitapo zimenezi ndi mwana wa mchimwene wanga, wa zaka 9. Ndinali nditaika batani lalikulu lobiriwira pakati pa sikirini, loti aliyense aliona. Mwanayo anadina chithunzi cha njinga kanayi, akudikira kuti chiyende, kenako anapendeketsa foni, kenako anandiyang'ana. Lilime linkandiyabwa kuti ndimuuze. Ndikanamuuza, ndikanataya phunziro lonse, chifukwa gemu ikapita kwa anthu ine sindidzakhalapo kuti ndiziwauza podina. Usiku womwewo ndinachotsa batanilo n'kupanga kuti kudina njinga kuziyambitsa gemu. Chala cha mwana chinandiphunzitsa zimene buku silikanatha.

Khodi yako uziisunga pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo khodi, kuyambira tsiku loyamba, chifukwa malaputopu amabedwa ndipo amafa, komanso pamenepo ndi pamene olemba ntchito adzaione. Magemu omaliza uziwaika pa tsamba la magemu la itch.io, pamene salipiritsa. Mwezi wa January uliwonse kumachitika Global Game Jam, pamene anthu padziko lonse amapanga gemu m'maola 48 pa mutu umodzi, ndipo pa itch.io pamakhala mipikisano yotere chaka chonse. Ulowe, ngakhale uli wekha. Ku yunivesite ukafunefune mnzako wojambula ndi wina woimba, osati anzako a khodi okhaokha, ndipo atsikana a m'kalasi mwako usawasiye kunja kwa gulu, monga timagulu tambiri timachitira n'kudzipepula tokha. Malo ngati mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub ndi abwino kukumanirako anthu. Za mapulogalamu a AI olemba khodi, uwagwiritse ntchito ngati wokufotokozera, koma mzere umene sukuumvetsa usauike m'gemu yako, chifukwa ukadzasweka udzasowa pogwira.

Zogulitsa zibwere pambuyo, koma udziwiretu mitengo. Kulembetsa pa Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha, ndipo akaunti yatsopano ya munthu payekha imayenera kuyamba yayesetsa pulogalamu yake kwa gulu la anthu kwa masiku 14 isanaloledwe kutulutsa. Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse. Steam imafuna madola 100 pa gemu iliyonse, n'kumatenga 30 peresenti ya zogulitsa. Usanalipire kalikonse, pita ku banki ukafunse mmene ndalama zochokera kunja zingakufikire, chifukwa anthu ena amamaliza gemu n'kudzazindikira mochedwa kuti polandirira palibe. Ukumbukirenso kuti wosewera wa kuno ali ndi foni ya malo ochepa ndi bandulo yowerengera. Gemu yaing'ono, yoyenda popanda intaneti, imene munthu angatumizire mnzake pa foni, ndi imene idzayende m'maminibasi.

Ukadzapezeka kuti sunasankhidwe ku Computer Science, usagwe mphwayi. Masamu, fizikisi, uinjiniya wa zamagetsi, ngakhale uphunzitsi wa masamu, zonsezi zimafikitsa ku khomo lomwelo. Palinso koleji ya makompyuta ya NACIT ndi mayunivesite ena omwe si a boma, bola utsimikize kuti kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE usanalipire.

Kwa bambo, usapite ndi mkangano woti magemu si zibwana. Iwo akufuna kudziwa ngati udzatha kudzisamala ndi kuthandiza abale ako, ndipo funso limenelo ndi lachikondi. Ukhale nawo pansi, uwauze kuti ukufuna kulemba Computer Science, uwatchulire kumene anthu a kosiyi amagwira ntchito: m'mabanki, ku makampani a mafoni, m'boma, m'mabungwe, kuseri kwa Airtel Money ndi Mpamba amene iwo amatumizira ndalama. Uwauze kuti ngakhale a akaunti amagwira ntchito yawo pa mapulogalamu olembedwa ndi anthu ngati iwe. Zonsezi ndi zoona, ndipo za magemuzo usawabisire, ungowauza kuti uzidzapanga pambali mpaka zitaonetsa phindu. Ndiye bawo ija ikatha, madzulo ena atakhala pakhonde, uwapatse foni osanena zambiri. Ngati amasewera bawo, adzakupezera zolakwika m'malamulo zimene iwe sunazione. Uzilembe zonse, ukazikonze, uwabwezerenso mawa lake. Ikafika poti akuisewera mpaka kumapeto osakufunsa podina, unditumizire linki, ndiisewere nanenso.